Chiphaso Chatha Usiku

Lolemba ku Bradford, mvula yamawawa pazenera.
Kompyuta ya kuchipatala cha mano yakana kutsegula khomo:
akuti chiphaso cha seva yathu chinatha pakati pausiku.

Mayi Ackroyd aima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi.
"Ingodinani zipitirire, odwala akudikira."
Ndipukusa mutu.
Mlendo wopanda mboni salowa kuchipinda cha mankhwala.

Nditsegula nkhokwe ya ziphaso,
mayina zana ndi kanthu,
makampani akutali amene sindinawapatsepo moni
koma makinawa amawakhulupirira osafunsa,
ena mpaka ine ndidzamere imvi.
Anawaona nkhope ndani?

Ndichotsa chimodzi chimene wina anaponyamo kalekale,
chopanda kholo, chodzisainira chokha
ngati munthu wodziikira yekha umboni pamlandu.
Ndipempha chatsopano,
ndiyerekeza chidindo chake nambala ndi nambala,
milomo ikuyenda ngati wopemphera.

Loko waoneka pakona. Khomo latseguka.
Tiyi wa Mayi Ackroyd wazizira.

M'thumba la jekete muli chiphaso changa,
chokhala ndi nkhope yanga yosamwetulira.
Chidzatha mu Malichi.
Chimenecho sichikonzeka ndi kudina kawiri.