Nsapato za Tamsin

M'garaja mwathu ku Halifax muli makatoni asanu ndi awiri,
onse odzaza nsapato za Tamsin.
Bambo ake amati titaye. Ine ndimati mawa.

Zonse zinabooka malo amodzi,
pachala chachikulu cha phazi lakumanja,
poti akamaponya mpira woyamba amakhwekhwereza phazi
ngati munthu wofufuta dzina lake pansi.
Makochi anayi anayesa kumuletsa, onse anagwira njakata.

Yaing'ono kwambiri imakwana m'dzanja langa.
Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
akumenyetsa mpira kukhoma la fakitale yotsekedwa,
mvula ya ku Yorkshire ikuwaza osapuma,
mpira utanyowa, utalemera ngati mbatata.
"Amayi, kamodzi kokha."
Kamodzi kameneko kanatha zaka makumi awiri ndi zisanu.

Izi zofiirazi n'za mabwalo a dongo.
Fumbi la ku Tunisia silichoka ndi sopo, ndinayesa.
Kumeneko anapambana mapaundi mazana atatu
atalipira ndege mazana anayi,
nandiimbira foni usiku, akuseka,
akudya buledi amene anabisa m'thumba kuchokera pa kadzutsa wa kuhotela.
Ine ndinaseka naye. Foni itaduka
ndinatsegula kabuku ka ngongole.

Anafika pa nambala 143 padziko lonse lapansi.
Mayi Oldroyd a nyumba yoyandikana nafe
anati, "Pepani, mwina chaka chamawa."
Ndinafuna kuwafunsa kuti iwo ndi achingati padziko
pa chinthu chilichonse,
koma ndinangowapatsira tiyi.

Zoyerazi, za timinga kunsi, n'za pakapinga.
Juni wina anamupatsa mwayi wolowa mpikisano waukulu.
Lolemba anagonjetsa mtsikana wamtali ngati chitseko,
anthu osamudziwa akufuula dzina lake molakwitsa,
atolankhani namutcha chiyembekezo cha dziko.
Lachitatu anagonja pa mphindi makumi asanu ndi zitatu.
Lachinayi chiyembekezo cha dziko
chinali kukhitchini kwanga, chikutsuka mbale,
phewa litakulungidwa madzi oundana.

Iyi ili yokha, yakumanzere.
Inzake anaidula ndi sizasi ku Bratislava
kakolo atatupa ngati chibaluni.
Miyezi khumi ndi umodzi akuphunzira kukwera masitepe,
nambala yake ikutsetsereka sabata ndi sabata,
mazana atatu, mazana asanu ndi limodzi, kenako osapezekanso.
Ndinamuuza kuti basi, mwana wanga, wayesetsa.
Sanandiyankhe. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi khoma:
phu, phu, phu,
kunja kukadali mdima, chisanu chili mbee pamagalimoto.

Zomaliza n'zatsopano ndithu, zingwe zake sizinade n'komwe.
Glasgow, bwalo la m'nyumba, oonerera khumi ndi m'modzi,
ndinawawerenga, kuphatikizapo ine ndi mnyamata wogulitsa khofi.
Anagonja kwa mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
amene mayi ake anakhala pafupi nane,
akudya zikhadabo, maso ali gwa pa ukonde.
Ndinafuna kuwachenjeza.
Ndinafuna kuwauza kuti asunge nsapato.
Ndinangowagawira switi.

Tamsin anagwirana naye chanza, nathokoza woyimbira,
nakhala pampando nthawi yaitali, thaulo kumutu.
M'galimoto anati ali ndi njala. Tinaima pogula tchipisi.
Palibe analira mpaka Carlisle.

Masiku ano Loweruka lililonse amaphunzitsa ana ku Bradford.
Sabata yatha ndinapita kukamutenga, ndinafika msanga.
Kamtsikana kena, Zunaira, ka mano ogweluka,
kanaponya mpira m'mwamba,
kanadumpha,
phazi lakumanja likukhwekhwerezeka pambuyo, khwee.
Ndinaona Tamsin akutsegula pakamwa kuti akakonze.
Anayang'ana nsapato ya mwanayo, yobooka kale pachala.
Anatseka pakamwa,
natola mpira wina m'dengu.