Phazi Loyamba

Kuno ku Lochgelly chaka sichilowa chokha m'nyumba.
Chimadikira panja, pamsewu wonyowa,
mpaka wina achitsogolere.
Kwa Mayi Ishbel Rennie winayo ndi ine,
zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano,
osati poti ndine wabwino mtima, ayi,
koma tsitsi.

Amati wolowa koyamba belu likalira
akhale mwamuna wa tsitsi lakuda.
Watsitsi lofiira amadza ndi tsoka m'thumba.
Mphwanga Struan, mutu psuu ngati lupsa,
anamutsekera panja chaka china
mpaka zala zinauma gwa.
Sanaiwalebe.

Tsiku lonse mayiwa amasesa, amakolopa,
amakalipira ngongole ya nyuzipepala kwa Pritam pakona,
kuti chaka chakale chisasiye fumbi, chisasiye ndi khobidi lomwe.
Phulusa loti awole palibenso,
moto wawo ndi wa gasi, umayaka ndi batani.
Koma amapukutabe pamenepo.

Kukatsala mphindi khumi
ndimaima pansi pa zenera lawo, kolala ili m'makutu.
Zenera limatseguka pang'ono,
dzanja lamakwinya limatuluka
ndi kanthu kokulunga m'mpango wa amuna awo.
Malasha. Chibulumwa chimodzi, chonga chibakera cha mwana.
A Dougal anachitulutsa m'thumba tsiku limene mgodi unatsekedwa,
nachiika patebulo, osanena kanthu.
Chifuwa chinadzawatenga patapita zaka zisanu ndi chimodzi.
Mwambo umati mlendo adze ndi malasha ake,
koma m'tauni ino, imene pansi pake ndi mphako zokhazokha,
amene ndikuwadziwa ine ndi omwewa basi.
Ndiye amatulukira pazenera kuti alowere pakhomo.

Chaka chino ndinadziona pagalasi la basi,
m'mutu muli chipale chofewa chosasungunuka.
Ndinati, Mayi, ndayera mbuu,
funani wina. Mwana wa Pritam uja
tsitsi lake ndi bii ngati mwaye.
Anandiyang'ana ngati ndawabera.
Werama, anatero.
Ndinawerama, ine wa zidzukulu ziwiri,
mutu pazenera la eni,
iwo n'kumandipaka malasha a a Dougal m'imvi,
kuyambira pachipumi kupita kunkhongo,
moumira, ngati batala wa kumapeto kwa mwezi.
Eya. Wada tsopano.

Belu linalira.
Cha kusitediyamu makombola anang'amba mitambo,
agalu a mumsewu wonse n'kuyamba kudandaula.
Ndinawamva akutsegula chitseko chakuseri
kuti chaka chakale chituluke. Chinatuluka ndi mphaka.
Ndinagogoda katatu.
Ndani? Ngati sakudziwa.
Ndine, ndi malasha, ndi mchere,
ndi bisiketi wa batala amene wathetheka m'thumba.
Lamanja patsogolo, anakuwa, ngati ndingaiwale.

Tinamwa wisiki wongonyowetsa lilime,
iwo pampando wawo,
ine pa wa a Dougal, umene sukhalidwa tsiku lina lililonse.
Kamvula kaja kanali katandipeza pakhomo,
madzi akuda akutsetsereka m'khosi
kulowa m'malaya atsopano amene mkazi wanga anasita masana.
Anaseka mpaka kutsokomola,
mpaka ndinadzuka kukawatungira madzi.

Pokulunga malasha m'mpango muja
anayamba awayeza kaye m'dzanja.
Achepa, anatero.
Ukamayera chonchi chaka ndi chaka
adzatha ine ndisanafe.
Ndinati, ndiye tizipaka pang'ono.
Anati iyayi, tizipaka mokwanira,
akatha atha, a Dougal sanakumbire kabati.

Anandiperekeza mpaka pachiundo, osapitirira.
Pita, kwanu akukudikira.
Mumsewu anyamata anali kuimba molakwitsa mawu,
atagwirana manja mopingasa, wina nsapato imodzi.
Ndili pageti, zenera linatsegukanso.
Iwe Lachlan,
usasambe mpaka kuche.