Wopaka Nkhope

Ntchito yanga ndi kupha Declan m'mawa uliwonse.
Folo koloko, mdima udakali bii padoko la Halifax,
amakhala pampando wanga akutafuna buledi,
ine n'kumamupaka milomo ya munthu womira,
ndere m'tsitsi, mchenga kuseri kwa makutu.
Ndikatha amati zikomo,
n'kukaima m'bafa la sukulu yamatabwa
kudikira Tamsin.

M'sewero la pa TV limeneli
Tamsin yekha ndiye amamuona.
Amayi ake a m'sewero amati, sukugona mokwanira, mwanawe.
Aphunzitsi amati pita kwa nesi.
Anzake amanyamula mbale zawo kusamukira tebulo lina.
Mzukwawo sulankhula, sukanyanga munthu pakhosi.
Umangodontha madzi pansi, tho, tho,
maso ali pa iye ngati ukufunsa:
usiku uja unandimva ndikuitana,
unathawiranji?

Gawo lachisanu ndi chiwiri analijambula kakhumi ndi kanayi.
Bwana Thibodeau ankangoti bwerezanso, misozi ikuchedwa.
Pomaliza anakuwa kuti basi, tatha.
Magetsi anayaka, wina anabwera ndi khofi,
koma Tamsin sanadzuke.
Anali chikhalire pakona, zikhadabo zikukanda matailosi,
mano akugundana.
Declan anagwada, imfa yanga ija idakali pankhope pake,
nati ndine, taona, ndi utoto chabe.
Mtsikanayo anakuwa dzina lina.
Dzinalo silinalembedwe papepala lililonse.

Palibe anafunsa kuti Ewan ndani.
Kamera inali isanazime,
ndipo bwana anati chimenecho tisunge.

Madzulo ndinamupukuta ndi thonje limodzi
misozi yanga ya m'botolo ndi yake yomwe.
Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.
Anandifunsa ngati dziwe likaundana
munthu wa pansi amamva mapazi a oyenda pamwamba.
Ndinati tseka maso, ndichotse zam'zikopezi.

Owonera akuti gawolo n'loopsa zedi,
mtsikanayu ndi katswiri, apatsidwe mphoto.
Mwana wanga amalionera atafunda bulangeti mpaka m'mphuno,
akuseka ndi mantha okoma aja
omwe amatha ukayatsa nyali.
Ine ndimapita kukatsuka makapu otsukatsuka kale.

Mawa folo koloko
ndidzasakanizanso buluu ndi phulusa.
Declan wapempha kuti milomo ndisaidetse kwambiri.
Bwana wakana.