Usiku wa Lachinayi ku Dundee

Kuno mdima umagwa ndisanaweruke.
Mphepo ya ku mtsinje wa Tay
imalowa pansi pa chitseko ngati nayonso imalipira lendi,
ndipo ine, magolovesi odula zala m'manja,
ndikukangana ndi makina osatopa.

Ndawafunsa chimene chikugwetsa pulogalamu yanga.
Ayankha ndisanaphethire,
mwaulemu ngati mkamwini wofika dzulo,
yankho losalala, lopesa bwino,
labodza.
Ndawauza. Apepesa. Anamanso.
Paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa:
kameta ntchito ya masiku atatu mu ola limodzi,
koma kandichekanso khutu.
Sindiwada ayi.
Chondiwawa n'chakuti pakamwa pawo
sipatuluka mawu oti "sindikudziwa."

Ailsa wa desiki ya pawindo amati ndakalamba msanga.
Kapena.
Iyeyo ndiye anapanga mvula ya mu gemu yathu,
miyezi isanu ndi iwiri akuwongola madontho
kuti agwe bwino pa chipewa cha msodzi wosakhalako.
Loweruka ndinaimika kamsodziko padoko,
osawedza, osathamanga,
ndikungomvera.
Panja inkagwa mvula yeniyeni, sindinaicheukire.

Magemu amene amandinyansa ndi aja
opempha ndalama pakhomo lililonse
ngati marodibuloko a kumapeto kwa mwezi,
ndi aja amafa tsiku limene kampani yazimitsa seva,
iwe utagula, utagona mochedwa, utawakonda.

N'chifukwa chake padenga la fulati yathu
ndamangirira kabokosi ndi lamba wa chubu cha njinga.
Kamalankhula ndi ka bambo Ogilvie ku Lochee,
ka Ogilvie kamanong'oneza ka namwino wina kutsidya kwa mlatho,
uthenga ukudumpha denga ndi denga
ngati khala la moto lopala kwa aneba paphale.
Palibe mwini wake.
Palibe bwana woti atseke mpopi.
Tilipo khumi ndi anayi okha,
ndipo mauthenga athu ambiri ndi oti "Mukundimva?"
Ailsa amaseka. Aseke.

Amati mutu umodzi susenza denga.
Nanga ife tasenzetseranji makalata athu onse,
zithunzi za ana,
mawu otsiriza amene malemu achimwene anandijambulira,
pamitu ya makampani owerengeka pa dzanja limodzi?

Nthawi ya thu koloko ndachipeza ndekha cholakwikacho:
kadontho kamodzi, kamene ndinaika ine mwini
mwezi wa Ogasiti, nditatopa.
Palibe womunamizira.

Kabokosi kalira.
Ndi Ogilvie, naye tulo tamuthawa:
"Mawu ako akufika moduka,
mwina mbalame yakhalanso pa mlongoti wako."
Ndavala jekete kuti ndikaone.
Kumbuyo kwanga makina akadayakabe,
aulemu, osanjenjemera,
akufunsa ngati pali china chimene angandithandize.
Ndawasiya adikire.
Makwerero a padenga ndi oterera, ndipo amafuna manja onse awiri.