Wogonetsa Sagona

Ku Sheffield kwacha mwaulesi,
mvula yamawawa ikunyambita mazenera a chipatala.
Bambo Ackroyd agona chagada pansi pa nsalu yobiriwira,
manja okhakhala ndi zitsulo za m'fakitale
akunjenjemera pang'ono.

Dzulo ndinakhala nawo, faelo ili pamwendo.
Khomo la mtima wawo linauma,
latsala ngati kukamwa kwa botolo.
Masitepe khumi a kunyumba amapumira kawiri.
"Mapiritsi oyera aja mawa musamwe," ndinatero.
Iwo n'kuseka: "Lembani, mkazi wanga sandikhulupirira."
Ndinalemba.

Tulo timene ndimapereka timamasula mitsempha,
magazi n'kumayenda mwamphwayi.
Kwathu ku Ndirande, m'chilimwe,
mpopi unkayamba watsokomola usanaume.
Mwana wochenjera ankamva chifuwacho
n'kusendeza ndowa msanga.
Khutu lomwelo ndinakwera nalo ndege.

Kasingano kali pamkono,
mzere wofiira ukudumpha pa sikirini.
Mankhwala onga mkaka ndikukankha dontho, dontho,
osathamanga, munthuyu si mnyamata.
"Werengani chobwerera m'mbuyo."
Afika pa seveni.
Zii.

Makina sanalire.
Koma nsonga za mzere zayamba kufupika,
kufupika ngati mpweya wa wokwera phiri.
Sevente-faifi.
Sevente-wani.
Sindidikira kuti belu lindiuze,
mtima wotere ukaterereka m'dzenje
sudzitulutsa wokha.
Jakisoni ndinamukonza kusanache,
wakhala pambali panga ngati galu wodikira likhweru.
Theka la mililita basi.
"Kwezani miyendo pang'ono."
Namwino Oyelaran wandiponyera diso pamwamba pa masiki,
dzanja lake lili kale pa diripi.

Sikisite-naini.
Mphindi imodzi imatalika bwanji!
Ndikumva wotchi, ndikumva malovu anga.

Sevente-foro.
Eyite.
Mpopi wasiya kutsokomola.

Mwini mpeni akufunsa, "Tiyambe?"
Yambani.

Madzulo Bambo Ackroyd atsegula maso,
akudandaula kukhosi, akufuna tiyi wa shuga awiri.
"Zinayenda bwanji? Panachitika kanthu?"
Palibe, bambo.
Ndipo sindikunama kwenikweni:
ntchito yanga ikayenda bwino
imatchedwa palibe.

M'basi yopita ku Burngreave nsapato zanga zanyowa,
galasi lachita nthunzi.
Chala changa chachikulu
chikadakankhabe, pang'onopang'ono,
m'mphepete mwa mpando.