Zenera Lachinayi ku Madurai

M'bandakucha, akhwangwala asanayambe milandu yawo pa mawaya,
Thenmozhi, mwana wanga, wawaza kale madzi pakhomo.
Wawerama, ufa wa mpunga uli m'chigoba cha kokonati,
akudontheza timadontho, mizere isanu ndi iwiri,
kenaka mzere umodzi wokhotakhota wozungulira tonse,
osadukiza, osabwerera m'mbuyo.
Kolamu. Malemu amayi ake ankajambula chomwecho.

Ola lisanathe njinga ya wamkaka yadutsapo,
nyerere zatuta ngodya ya kum'mawa,
ine ndemwe ndapondapo pothamangira basi.
Tsiku lina ndinamufunsa: kodi sizikuwawa?
Iye anangoti, "Appa, ufawo ndi wa nyerere.
Changa n'kuwerama."

Ine ndimagulitsa matikiti a sitima, zenera lachinayi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
nkhope zikubwera pa kabowo ka galasi,
aliyense wachedwa, aliyense walakwiridwa.
Mkwiyo wanga ndimaudziwa ngati mnansi wobwereka mchere:
umayambira pakhosi, umatsikira ku zala,
chidindo n'kugwa patebulo ngati ndikupha chinkhanira.

A Chellappan, okonza maambulera kuseri kwa kachisi,
amene phulusa loyera silichoka pamphumi pawo,
anandiuza akusoka nsalu yakuda, osandiyang'ana n'komwe:
"Iwe umati, ndakwiya. Wakuuza ndani?
Alipo wina m'katimo amene wauona mkwiyowo ukulowa.
Ameneyo sanakwiye.
Kakhale naye."
Ndinaseka, ndinalipira marupi makumi atatu.
Ambulera inathyokanso mvula yotsatira
koma mawuwo anandikakamira ngati chisoso pa nsalu.

Lachiwiri lapitali bambo wina wa malaya a silika
anandiponyera ndalama kumaso
natchula amayi anga.
Moto unakwera. Ndinaumva pakhosi, m'makutu, m'zikhadabo,
ndipo kwa kupuma kumodzi,
kumodzi kokha,
ndinapezeka pambali, ngati munthu woima pa pulatifomu
akuyang'ana sitima ya ku Rameswaram ikudutsa
ndi mabogi ake onse, ndi phokoso lake lonse,
iye osakwera.

Kenaka ndinakwera. Ndisaname.
Ndinamulalatira mpaka wa pa zenera lachitatu
anasiya kuwerenga chenji.

Usiku ndinayatsa kanyale ka mafuta pamaso pa Ganesha,
wa chitamba chopindika, wa mnyanga umodzi wothyoka,
amene sanabisepo chilema chakecho.
Ndinadikira manyazi. Anafika, anakhala pamphasa,
anandiwerengera mawu anga onse limodzilimodzi.
Sindinawathamangitse, sindinawaphikire tiyi.
Ndinangowayang'ana, ndikupuma, ndikupumanso,
mpaka chingwe cha nyale chitada.
Kani nawonso manyazi ndi sitima,
ali ndi nthawi yake yonyamukira.

Musaganize kuti ndasanduka woyera mtima.
Ngongole ya kuchipatala ikadalipo,
mpando wa Kumudha ukadali wopanda munthu,
ndipo mutu wanga ukadali msika wa maluwa tsiku la chikondwerero,
aliyense akukuwa mtengo wake.
Kungoti Lachisanu mnyamata wina wogontha khutu
anandifunsa funso limodzi kasanu,
ndipo kupuma kuja kunakhala kuwiri,
mwina kutatu, sindinawerenge bwino.
Ndinamulembera yankho kuseri kwa risiti.
Sanathokoze. Ndinaona mtima ukutambasula dzanja kupempha zikomo,
ndinaubweza dzanjalo pang'onopang'ono
monga ndinkachitira ndi Thenmozhi ali wakhanda pafupi ndi moto.

M'mawa uno ndadzuka naye limodzi, ndapempha ufa.
Zala zozolowera chidindo zakhuthula mulu pofunika kadontho,
mzere wanga wasochera,
wasiya timadontho titatu panja ngati ana ochedwa kusukulu.
Thenmozhi waseka mpaka kugwira m'mimba.
Msana ukundiwawa. Nyerere zayamba kale.
Belu la wamkaka ndalimva pa ngodya,
likubwera molunjika pa ntchito yanga yoyamba,
ndipo ndaimirira, ndasansa manja,
ndamupatsa njira.