Kuseri kwa Mzere wa Phulusa

Loweruka m'mawa ndimatseka shedi ku Mchesi,
utuchi udakali m'tsitsi,
n'kutsatira Ndaziona ku bwalo la sukulu ku Kawale
komwe mizere amaijambula ndi phulusa.

Ndodo yake ndinasema ndine.
Mlombwa wotsala pa bedi la bwana wina,
ndinaukhotetsa kumapeto ngati mbedza,
pogwirira n'kukulungapo mphira ya chubu.
Ndiye poti ndodo inachoka m'manja mwanga
ndinkayesa kuti masewerawo ndi anganso.

"Menya! Iwe, menya!
Ukufunafuna chiyani pansipo?"
Mawu anga ankafika kwa amayi a zitumbuwa pageti.
Mwana akandimva
mapewa ankakwera mpaka m'makutu,
kampira n'kumudutsa pakati pa miyendo
ngati khoswe wothawa tsache.

Ine amene sindinasewerepo hoke,
amene sindinkadziwa n'komwe
kuti ndodoyo imamenya ndi mbali imodzi yokha.

Kochi wawo, Mayi Nankhoma, ndi wochepa thupi
ndipo wezulo yake imagona m'thumba.
Mwana akaphonya, amagwada m'fumbi
kuti maso awo alingane,
n'kufunsa, "Waona chiyani pamenepo?"
Kenako amadikira.
Amadikira mpaka ine lilime kuyabwa.

Tsiku lina pa nthawi yopuma anandipeza,
chigubu cha madzi chili m'manja, osakwiya.
"Bambo a Ndaziona, paja ndinu kalipentala?
Mnyamata wanu wophunzira ntchito akagwira sowo,
mumamukuwira kumbuyo?"
Ndinaseka. Ndinati ayi, angadzicheke chala.
Ndimamupatsa thabwa la paini loti aononge,
loyamba, lachiwiri,
pofika lachisanu dzanja limakhala litamva lokha.
"Bwalo ili ndiye thabwa lake," anatero.
"Musiyeni aononge."

Ndinabwerera pamalo panga ngati ndameza msomali.

Loweruka linalo ndinaika manja m'thumba
n'kutsekera mawu kuseri kwa mano.
Dzuwa la Okutobala linali pa liwombo,
kamvuluvulu anadutsa pabwalo n'kunyamula theka la mzere.
Ndaziona anaphonya kanayi. Ndinawerenga.
Kachisanu anatembenuka kundiyang'ana,
kudikira bingu lija,
koma anapeza bambo atangoima
ngati mlongoti wa golo.
Ndinamukodolera mutu. Basi.

Anagonja, zigoli zitatu kwa duu.
Kochi anawakhazika pansi pa mtengo wa kesha,
aliyense anene chimodzi chimene mnzake wachita bwino,
ngakhale Chembe, wapagolo,
amene anali kulira m'chipewa chobwereka.

Pobwerera tinayenda wapansi,
ndalama ya minibasi tinagulira mzimbe.
Funso langa lakale linali pamlomo:
chifukwa chiyani sunagoletse?
Ndinalitafuna pamodzi ndi mzimbe n'kulilavula,
ndipo ndinati, "Chakukomera lero n'chiyani?"

Anthuni, mwanayu ali ndi mawu!
Kuchokera pa tchalitchi mpaka pa mjigo wa kwathu
anandiuza za kampira komwe anapatsira Mwatitha osayang'ana,
za mmene dzanja lamanzere limatembenuzira ndodo
lamanja likungoperekeza,
za mantha amene amakhala m'mimba
wezulo isanalire.
Zaka khumi ndi chimodzi ndili naye m'nyumba
koma zimenezi sindinkazidziwa.

Madzulo anatola ndimu yaiwisi,
anaiika pansi pakhomo, pafupi ndi mbaula,
n'kundipatsa ndodo ija ndinasema ndekha.
Inandilemera ngati ya eni ake.
Ndinamenya. Ndimu sinasunthe,
fumbi lokha ndi limene linanyamuka.
Mayi ake anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndaziona sanaseke.
Anagwada kuti maso athu alingane,
ngakhale kuti ine ndinali nditawerama kale,
n'kundifunsa, "Adadi, mwaona chiyani pamenepo?"

Ndipo anadikira.